Woyendera ubwino wa nsalu apatsidwe mphamvu yoyimitsa makina

Akonzi,

Ndiloleni kuti ndilankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, za ntchito imene ndaigwira kwa zaka zambiri koma imene anthu ochuluka, ngakhale ogwira ntchito m'mafakitale momwemo, sayimvetsa bwino. Ndikunena ntchito yoyendera ubwino wa nsalu ndi zovala zisanatuluke pachipata cha fakitale, imene anzathu a pamakina amangoitchula mwachidule kuti QC. Chandichititsa kulemba ndi funso la mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchitoyi, yemwe anandipeza tsiku lina nkhope ili yakugwa n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndikaona kuti nsalu ndi yolakwika, koma abwana akufuna kuti katundu atuluke lero lomwe, ndichite bwanji?" Ndinamuyankha monga ndinathera, koma kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike, chifukwa funso lotere siliyenera kusiyidwa m'manja mwa mtsikana mmodzi kuti alimbane nalo yekha. Oyenera kuliyankha ndi eni mafakitale, ndipo yankho lake likhale lakuti woyendera ubwino akanena kuti makina ayime, ayimedi.

Kuti owerenga amvetse chifukwa chake ndikutsindika chonchi, ndiyenera kufotokoza mmene ntchitoyi imayendera, pakuti ambiri amaganiza kuti ife timangoyima n'kumayang'ana anzathu akukhetsa thukuta. Nsalu ikachoka pa makina oyiwomba kapena oyiluka, imafika kwa ife ili m'mipukutu yolemera, ndipo timaikoleka pa makina oyendera amene ali ndi galasi lopendekeka, nyali ina pamwamba ndi ina kunsi kwa galasilo. Nsalu imatsetsereka pang'onopang'ono pamaso pa woyendera, ndipo iye amayenera kuona, m'kanthawi kamene nsaluyo ikudutsa, ulusi woduka, mfundo, malo okhuthala kapena opyapyala kuposa anzake, madontho a mafuta a makina, timabowo, mizere ya utoto, ndi ulusi wopingasa umene wakhota m'malo moyenda molunjika kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Zilema zina zimaoneka ndi kuwala kochokera pamwamba, zina zimabisala mpaka utayatsa nyali ya kunsi, ndipo zina sizioneka konse, zimamveka ndi dzanja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yathu mawu amenewa ndi oona tsiku lililonse, chifukwa woyendera akangothamangitsa makinawo kuti amalize msanga, maso ake amatsalira m'mbuyo mwa nsalu.

Chilema chikapezeka sitimangonena kuti nsalu ndi yoipa, timachiyeza n'kuchilemba. Njira yodziwika kwambiri m'mafakitale a nsalu padziko lonse ndi ya mapointi anayi, imene inalembedwa m'muyezo wotchedwa ASTM D5430. Chilema chotalika mpaka mainchi 3 chimapatsidwa pointi imodzi, cha pakati pa mainchi 3 ndi 6 mapointi awiri, cha pakati pa 6 ndi 9 mapointi atatu, ndipo chopitirira mainchi 9 chimapatsidwa mapointi anayi. Pa yadi imodzi ya nsalu sitilemba mapointi opitirira anayi, ngakhale zilema zitachuluka motani. Tikamaliza mpukutu timaphatikiza mapointi onse n'kuwerengera kuti ndi angati pa masikweya yadi 100. Mwachitsanzo, mpukutu wotalika mayadi 100 ndi wotambalala mainchi 60, umene wapezeka ndi mapointi 50, umatuluka ndi mapointi 30, ndipo popeza makampani ambiri ogula katundu kufakitale amaika malire pa 40 kapena kutsikirapo, mpukutu umenewo ungadutse kwa wogula wina koma n'kukanidwa kwa wina wokhwimitsa zinthu. Ndafotokoza masamu amenewa mwadala, kuti anthu aone kuti woyendera akakana nsalu sakutsata maganizo ake kapena kaduka, koma nambala imene wina aliyense angathe kuibwereza n'kupeza chimodzimodzi. Nthawi zambiri timayendera mipukutu khumi pa mipukutu zana iliyonse, ndipo zotsatira zikakhala zokayikitsa timawonjezera.

Nkhani ya mtundu wa nsalu ndiyo imene imabweretsa mikangano yambiri, ndipo ndi imene inandiphunzitsa kudzichepetsa. Nsalu ziwiri zikhoza kuoneka zofanana ndendende pansi pa nyali za m'fakitale, koma ukatuluka nazo padzuwa ina n'kupendekera ku kufiira pamene inzake ikupendekera ku kubiriwira. Zimenezi zimachitika pamene onyika utoto asakaniza mitundu yosiyana ya utoto kuti afike pa maonekedwe amodzi, ndipo n'chifukwa chake sitiweruza mtundu pamalo paliponse koma m'bokosi la nyali, mmene muli nyali ya D65 yofanana ndi kuwala kwa masana ndi ya TL84 yofanana ndi kuwala kwa m'masitolo ambiri. Kusiyana kwa mtundu timakuyeza ndi kachipangizo ka timagawo totuwa kokhala ndi manambala kuyambira 1 mpaka 5, pamene 5 akutanthauza kuti palibe kusiyana ndipo 1 akutanthauza kusiyana kwakukulu. Timapakanso kansalu koyera pa nsalu yonyikidwa, kouma komanso konyowa, kuti tione ngati utoto ukuchucha, pakuti palibe chimene chimakhumudwitsa wogula ngati thalauzi limene lasiya utoto pampando kapena pa malaya oyera. Ngakhale mipukutu yonyikidwa tsiku limodzi imasiyana pang'ono, choncho timaigawa m'magulu a mitundu yoyandikana, kuti manja a malaya ndi thupi lake zidulidwe pa gulu limodzi. Pa ntchito imeneyi maso a woyendera mwiniyo ayenera kuyezedwa kaye, chifukwa pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna 12 aliwonse sasiyanitsa bwino mitundu ina, makamaka yofiira ndi yobiriwira, ndipo ambiri sadziwa kuti ali ndi vutoli. Mayeso a timadontho tamitundumitundu amene dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917 amatenga mphindi zochepa chabe, komabe ndaonapo anthu akuikidwa pa bokosi la nyali osayezedwa.

Palinso zoyeza zimene zimachitikira m'chipinda chapadera. Timadula kansalu kozungulira ka masikweya sentimita 100 n'kukaika pasikelo kuti tidziwe kulemera kwa nsalu pa sikweya mita imodzi, ndipo popeza thonje limamwa chinyezi cha mumpweya n'kulemera, muyezo wa ISO 139 umafuna kuti nsalu iyambe yakhala m'chipinda chotentha madigiri 20 ndi chinyezi cha 65 pa 100 isanayezedwe. Timajambula zizindikiro pansalu, kuichapa, kuiwumitsa, kenaka n'kuyezanso kuti tione ngati yafupika. Nsalu yolukidwa, monga ya masikipa, imachoka pamakina itakokeka, motero imafunika kuitambasula kuti ipume pafupifupi tsiku lathunthu isanadulidwe. Aliyense amene anagulapo sikipa imene itachapidwa kamodzi msoko wake wa m'mbali unazungulira n'kufika kumimba, anakumana ndi nsalu imene wina anaifulumizitsa.

Zonse ndanenazi zikukhudza maonekedwe ndi kulimba kwa chovala, koma gawo limene limandisowetsa tulo ndi la chitetezo cha wovala, makamaka mwana. Singano ya makina osokera ikathyoka, lamulo la fakitale iliyonse yolongosoka ndi lakuti wosokayo ayimitse makina, atole zidutswa zonse, ndipo woyendera azilumikize pa pepala n'kuzimata ndi tepi kuti aone ngati singanoyo yakwanira, asanapereke ina yatsopano. Mabatani a zovala za ana timawakoka ndi chipangizo chapadera, kawirikawiri ndi mphamvu ya manyutoni 90, yofanana ndi kukoka kwa katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 9, chifukwa batani lothothoka limathera m'kamwa mwa mwana. Ku Ulaya muyezo wa EN 14682 umaletsa zingwe zokoka pa chipewa cholumikizika ku chovala ndi m'khosi mwa zovala za ana osafika zaka 7, popeza zingwe zoterezi zakhala zikukodwa pa zoseweretsa ana n'kuwapotokola. Mayiko a European Union analetsanso mu 2002 mitundu ina ya utoto wa azo imene imatulutsa mankhwala oyambitsa khansa, ndipo chizindikiro cha OEKO-TEX Standard 100, chimene chinayamba mu 1992, chimaperekedwa pa nsalu zimene zayezedwa ngati zilibe mankhwala owononga thupi. Woyendera akasaina pepala lake, akulonjeza zinthu zonsezi kwa munthu amene sadzakumana naye, amenenso alibe njira yodziyezera yekha.

Ndikukumbukira usiku wina pamene tinali kusoka timathalauzi ta ana, galimoto yodzatenga katundu ikuyembekezeka m'mamawa. Singano inathyoka pa makina a mayi wina wodziwa ntchito yake bwino, ndipo titalumikiza zidutswa pa pepala, nsonga yake inasowa, kachitsulo kosaposa njere ya mchenga waukulu. Tinasesa pansi, tinayendetsa maginito mozungulira makina, tinatsegula ndi pamene pamakhala kabobini ka ulusi wa pansi, koma osaipeza. Woyang'anira mzere wa osokawo anabwera nati mwina yagwera m'mafuta a makina, tingopitiriza. Ine ndinakana, ndipo ndinalamula kuti mitolo yonse imene inali pafupi ndi makinawo ipatulidwe n'kudutsitsidwa pa makina ozindikira chitsulo, kathalauzi kamodzikamodzi. Anthu anang'ung'udza, ena anandiyang'ana ndi diso loipa chifukwa nthawi yoweruka inali itakwana, ndipo ine ndemwe miyendo inali itatupa. Patapita nthawi yaitali makina analira, ndipo titasula mpendero wa m'chiuno mwa kathalauzi kena, nsonga ija inali mmenemo, itagona pakati pa lasitiki ndi nsalu, pamalo pamene pakanakhudza mimba ya mwana. Mayi wosoka uja anaitenga n'kuiyika pachikhatho chake, anaiyang'ana osanena kanthu, kenaka anapita yekha kukaimata pa pepala lija.

Usiku umenewo zinatheka chifukwa bwana wamkulu amene analipo nthawi imeneyo anali atanena poyera kuti pa nkhani ya singano mawu a woyendera ndi omaliza. Koma ndiyeneranso kuulula za tsiku lina pamene zinthu sizinayende choncho, m'fakitale ina imene sindiitchula. Tinalandira nsalu yabuluu ya malaya, ndipo nditaiyika m'bokosi la nyali ndinaona kuti mipukutu ina inali yosiyana ndi sampulo imene wogula anavomereza, komanso m'mipukutu ingapo mtundu wa pakati unali wosiyana ndi wa m'mphepete. Ndinalemba lipoti loti isadulidwe. Vuto linali lakuti bwana wanga, amene ankasaina tchuthi changa ndi kuvomereza zokweza malipiro anga, analinso yemweyo woyang'anira kuchuluka kwa zovala zotuluka patsiku, ndipo bonasi yake inkadalira kuti katundu anyamuke panthawi yake. Anandiitanira mu ofesi, anandiuza mofatsa kuti wogula sangazindikire, kuti nsalu ina ingatenge milungu kuti ifike, ndiponso kuti ndiganizire anthu onse amene akhale opanda ntchito mzere ukayima. Ndinasaina. Nsalu inadulidwa, ndipo madzi akatayika sawoleka: nsalu yodulidwa singabwezedwe kwa amene anainyika. Malaya atasokedwa, matumba ndi makolala zinkaonekera patali kuti ndi za mtundu wina. Woyendera wa wogula atabwera anakana katundu yense, ndipo pamsonkhano wofufuza chimene chinalakwika, pepala limene linayalidwa patebulo linali la siginecha yanga. Amene anandiuza kuti ndisaine sanalembe dzina lake paliponse.

Sindikunena zimenezi kuti ndidziyeretse, pakuti dzanja limene linasaina linali langa ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ndikuzinena chifukwa vuto lenileni lili m'kakonzedwe ka ntchito. Fakitale imene imaika woyendera ubwino pansi pa munthu amene ntchito yake imayezedwa ndi kuchuluka kwa katundu wotuluka, yasankha kale amene adzapambane tsiku limene awiriwo adzasemphane. Woyendera ayenera kupereka malipoti ake kwa mkulu wina wosiyana, amene ali pamlingo wofanana ndi wa mkulu woyang'anira kupanga, ndipo onse awiri azikakumana pamaso pa mwini fakitale. Sindikukana kuti nthawi zina pamakhala zifukwa zomveka zotumizira katundu amene ali ndi chilema chaching'ono, makamaka wogula akadziwitsidwa n'kuvomera. Koma zikatero, lipoti la woyendera likhale mmene analilembera, ndipo amene waganiza zolidumpha alembe dzina lake ndi chifukwa chake pansi pa lipotilo. Ndaona ndi maso anga kuti anthu ambiri amene amalimba pakamwa pouza mnzawo kuti asaine, amayamba kuganiza kawiri cholembera chikaperekedwa m'manja mwawo.

Maganizo akuti ntchito iyime chilema chikangooneka si achilendo, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti anabadwira m'ntchito ya nsalu yomweyi. Sakichi Toyoda wa ku Japan anapanga makina owomba nsalu amene ankayima okha ulusi umodzi ukaduka, m'malo mopitiriza kuwomba mayadi ambirimbiri a nsalu yolumala, ndipo makina ake otchuka a mtundu wa G anamalizidwa mu 1924. Mu 1929 kampani ya ku England ya Platt Brothers inagula ufulu wopanga makinawo, ndipo banja lomwelo la Toyoda ndilo linadzayambitsa kampani ya magalimoto ya Toyota, kumene wogwira ntchito wamba pamzere anapatsidwa chingwe choti akoke akaona cholakwika. Ngati anthu anakhulupirira chitsulo kuti chiyimitse ntchito chifukwa cha ulusi umodzi zaka zana zapitazo, n'zomvetsa chisoni kuti lero munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi miyezo m'manja, amayenera kuchonderera kuti amvedwe. W. Edwards Deming, katswiri wa ku America amene anaphunzitsa akuluakulu a makampani a ku Japan kuyambira mu 1950, anaika pakati pa mfundo zake 14 yakuti makampani asiye kudalira kuyendera katundu kumapeto monga njira yopezera ubwino, koma aumangire m'kapangidwe ka katunduyo kuyambira pachiyambi. Ena amamva mfundoyi ngati ikunena kuti oyendera ndi osafunika. Ine ndimaimva kuti malo oyenera a woyendera ndi kumayambiriro ndi m'kati mwa mzere, pamene mawu ake angapulumutse nsalu, osati pakhomo potulukira pokha pamene chatsala ndi kuwerenga zowonongeka.

Kuyendera komaliza kuli ndi malire ake amene ogula zovala ambiri sawadziwa. Sititsegula chovala chilichonse, timatenga sampulo motsata matebulo a muyezo wa ISO 2859-1, umene m'fakitale timangouti AQL, kutanthauza malire a zolakwika zololedwa. Pa katundu wa zovala 5,000, pa mlingo wa masiku onse, timatenga zovala 200, ndipo pa AQL ya 2.5 katunduyo amadutsa ngati zolakwika kwambiri sizipitirira 10, koma zikafika 11 yense amakanidwa. Masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati sampulo yatengedwa mwachisawawa. Apa ndi pamene chinyengo chimalowera, chifukwa pali anthu amene amakonzeratu makatoni a zovala zosankhidwa bwino n'kuwaika kutsogolo, kuti ampake phula m'maso woyendera. Ine ndinaphunzira kuloza ndekha makatoni a pakati ndi a pansi pa mulu, n'kuyima pomwepo mpaka atatulutsidwa, ngakhale onyamula atadandaula. Ndinaphunziranso kukana mphatso iliyonse, ngakhale yooneka yaing'ono, chifukwa woyendera amene walandira kanthu lero sangathe kuyang'ana wompatsayo m'maso mawa n'kumuuza kuti katundu wake wakanidwa. Komanso anthu adziwe kuti katundu amene wadutsa AQL sakutanthauza kuti mulibe chovala cholakwika, akungotanthauza kuti zolakwikazo zikuoneka kuti sizinapitirire muyezo umene wogula ndi wopanga anagwirizana. Pa zilema zoopsa moyo, monga chitsulo m'chovala, chimodzi chokha chimakwanira kukanitsa katundu yense.

Ndiyenera kunenanso za anzathu osoka ndi owomba, chifukwa sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati ikuwaimba mlandu. M'mafakitale ambiri iwo amalipidwa potengera kuchuluka kwa zimene apanga, choncho chovala chilichonse chimene woyendera wabweza ndi ndalama yochoka m'thumba mwawo, ndipo n'zosadabwitsa kuti amationa ngati adani. Koma pa zaka zanga zonse ndapeza kuti zilema zambiri siziyambira m'manja mwa wosoka. Msoko wokwinyika kawirikawiri umachokera ku ulusi womangika kwambiri pamakina kapena ku ulusi wosagwirizana ndi nsalu. Timabowo ta m'mbali mwa msoko pa nsalu yolukidwa timabwera ndi singano yobuntha kapena yamtundu wolakwika, imene imadula ulusi m'malo moupatula. Misoko yodumphadumpha imaloza kwa makaniko, ndipo zidutswa zosalingana zimaloza ku tebulo lodulira. Woyendera waulesi amangomata kachizindikiro kofiira n'kubweza chovala, pamene woyendera wodziwa ntchito amanyamula chovalacho, kupita nacho pa makina, kukhala pambali pa wosokayo, ndi kufufuza naye limodzi kumene vuto layambira. Tsiku limene wosoka waona kuti mwamuchotsera vuto limene limamudyera malipiro, amayamba kukuitanani yekha akangoona chinthu chachilendo, ndipo kuyambira pamenepo ntchito imapepuka kwa onse. Mphamvu yoyimitsa makina imene ndikupemphayi iyenera kuyendera limodzi ndi lamulo lakuti nthawi imene makina ayima pa chifukwa chimene si cha wosoka, malipiro ake asadulidwe.

Thupi la woyendera nalo limalipira. Kuyima tsiku lonse, maso ali pa nsalu yoyenda pansi pa nyali zowala, kumatopetsa kotero kuti pakapita nthawi munthu amayang'ana koma osaona, ndipo iye mwini sazindikira kuti wasiya kuona. Choncho kupumitsa maso ndi kusinthana malo ndi mbali ya ntchito yeniyeniyo, ndipo fakitale imene imawonjezera maola a oyendera pamene katundu wachedwa imachepetsa kuona kwawo panthawi imene kukufunika kwambiri. M'zipinda zowombera nsalu phokoso limapitirira madesibelo 85, mlingo umene umawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo fumbi la thonje limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa byssinosis, amene chizindikiro chake chodziwika ndi kubanika pachifuwa tsiku loyamba la ntchito munthu akachokera kopuma. Masiku ano kuli makina okhala ndi makamera amene amaona zilema pa liwiro limene munthu sangalifike, ndipo ine ndimawalandira ndi manja awiri chifukwa satopa. Komabe kamera imangonena kuti pali chilema, siyipita kukakambirana ndi makaniko, siyimva kukhakhala kwa nsalu ndi dzanja, ndipo ikalira, pamafunikabe munthu woti anene kuti katunduyu sanyamuka.

Pali chochitika chimodzi chimene aliyense wa m'ntchito ya zovala sangachiiwale, ngakhale kuti sichikhudza ulusi kapena utoto. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Savar, pafupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh, mmene munali mafakitale angapo osoka zovala, inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka m'makoma dzulo lake ndipo anthu anatulutsidwa, koma m'mawa mwake osoka anauzidwa kuti abwerere kuntchito. Chilema chinaoneka, ochiona analipo, koma mawu awo analibe mphamvu poyerekeza ndi tsiku loti katundu anyamuke. Sindikufanizira kolala yosiyana mtundu ndi imfa za anthu ochuluka chotere, Mulungu andikhululukire ngati zamveka choncho. Ndikungonena kuti chizolowezi chonyalanyaza wochenjeza chimayambira pa zinthu zazing'ono, ndipo fakitale imene yazolowera kutsekereza pakamwa woyendera nsalu siidzavutika kutsekerezanso pakamwa woyendera mawaya a magetsi kapena makomo othawira moto.

Kwa eni mafakitale ndi mameneja, pempho langa ndi lakuti mulembe m'malamulo a kampani, osati kungonena pakamwa, kuti woyendera ubwino ali ndi ufulu woyimitsa kudula, kusoka kapena kutumiza katundu mpaka nkhani itaunikidwa, ndiponso kuti sadzalangidwa chifukwa chogwiritsa ntchito ufuluwo moona mtima, ngakhale pambuyo pake zitapezeka kuti chilemacho chinali chololeka. Muwaphunzitse anthu amenewa mokwanira, kuyambira kapotedwe ka ulusi mpaka kawerengedwe ka matebulo a sampulo, chifukwa mphamvu yoperekedwa kwa munthu wosadziwa imasanduka chipsinjo kwa anzake. Muwayeze maso chaka ndi chaka, musinthe nyali za m'bokosi zikakwanitsa maola ake, ndipo sikelo ndi matepi oyezera aziunikidwa ngati akunenabe zoona. Makampani ogula zovala nawonso ali ndi gawo lawo, pakuti iwo ndi amene amasintha kapangidwe ka chovala mochedwa koma osasuntha tsiku lolandirira katundu, kenaka n'kudabwa kuti nsalu sinapatsidwe nthawi yopuma.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti alembe zimene waona monga zilili, ndi manambala ake, aphatikizepo kachidutswa ka nsalu yolakwikayo pambali pa sampulo yovomerezeka, asunge kope lake la lipotilo, ndipo akauzidwa kuti asinthe, ayankhe mwaulemu kuti, "Bwana, lipoti langa ndi limeneli, ngati mwaganiza kuti katundu apite, ndikupempha kuti musaine apa." Anandifunsa ngati sangachotsedwe ntchito chifukwa cha mawu amenewo, ndipo sindinathe kumulonjeza kuti sizingachitike, chifukwa kumene akugwira ntchito lamulo lomuteteza silinalembedwe. Ndikupempha akuluakulu a mafakitale amene awerenge kalatayi kuti atiyankhe kudzera m'nyuzipepala yomweyi, atiuze amene woyendera ubwino wawo amapereka malipoti kwa iye, komanso dzina la yani limalembedwa pa pepala tsiku limene lipoti lake ladumphidwa.

Ine wanu,
Mayi woyendera ubwino wa nsalu